Sitolo ya mankhwala azitsamba pa Kasungu, monga ndinayionera ine wophunzira unamwino

Pamene tinatumizidwa ku Kasungu kukaphunzira ntchito m'mawodi, ndinazindikira kuti odwala ambiri amafika kuchipatala atamwa kale zitsamba, koma sanena poopa kukalipiridwa, ndipo ifeyo ophunzira sitidziwa ngakhale mayina a zomwe amamwazo. Ichi ndicho chinandipititsa ku sitolo ina ya mankhwala azitsamba pafupi ndi depoti ya mabasi.

Malowo ndi aukhondo. Ufa wa chammwamba, wa malambe ndi wa masamba a nimu uli m'mabotolo otseka bwino, ndipo mizu ya gondolosi anayimanga m'timitolo pashelefu yapamwamba, kutali ndi fumbi. Nditawafunsa mayi ogulitsa za mwanamphepo, yemwe amayi ena oyembekezera amamwa kuti achire msanga, anandiyankha kuti, "Ayi mwanangu, zimenezo sitigulitsa, woyembekezera apite kusikelo." Yankholi linandikhazika mtima pansi, chifukwa mankhwala amenewa amalimbitsa ululu wa kubereka mopyola muyeso mpaka chiberekero kung'ambika.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi zolembedwa pamabotolo. Limodzi linalembedwa kuti limachiza shuga, BP ndi malungo, koma panalibe mulingo wa kamwedwe, tsiku lothera mphamvu, kapena chosonyeza kuti bungwe la boma loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority linawaunika. Akugulitsanso tiyi wa chomera chotchedwa Artemisia ngati mankhwala a malungo. Ndi zoona kuti LA, mankhwala a malungo omwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ali ndi mphamvu ina yochokera ku chomera chomwechi, koma mu tiyi palibe amene angadziwe kuchuluka kwa mphamvuyo, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linanena kuti silivomereza kuchiza malungo motere, poti mulingo wochepa ungachititse kuti tizirombo tisiye kumva mankhwala. Mayiwo sanandifunsenso ngati ndikumwa ma ARV kapena mankhwala ena, funso lomwe wogulitsa aliyense ayenera kuyamba nalo.

Anzanga ophunzira zaumoyo ndikuwalimbikitsa kukafikako ndi kope, awerenge mabotolowo limodzi ndi limodzi. Ineyo ndinagula ufa wa chammwamba wothira m'phala, monga chakudya basi, ndipo tiyi wa Artemisia ndinamusiya pashelefu pomwepo.