Penti wa ufa pa phunziro la Expressive Arts

M'kalasi ya ana ochuluka, penti wa ufa ndiye woyenera kugula. Wa m'timachubu ndi wodula ndipo sachedwa kutha. Gulani mitundu isanu yokha: wofiira, wachikasu, wabuluu, wakuda ndi woyera. Wobiriwira ana apange okha posakaniza wachikasu ndi wabuluu. Phunziro lenileni lili pamenepo, mwana akamaona mtundu watsopano ukutuluka m'kachitini kake.

Yambani ndi masupuni awiri a ufa, kenako madzi pang'onopang'ono mukutakasa mpaka afanane ndi phala la mwana. Mukathira madzi onse kamodzi amachita mibulu. Ufa ndi madzi aphunzitsi asakanize okha, chifukwa fumbi lake limatsokomoletsa ana.

Chilema chake chachikulu n'chakuti akauma amayoyoka ngati dothi, makamaka akapakidwa mochindikala. Kasupuni kamodzi ka guluu woyera wa matabwa m'kachitini kalikonse kamathetsa vutoli. Pepala la m'kope limanyowa n'kukwinyika, choncho pakani pa makatoni akale.

Sakanizani wa tsiku lomwelo basi, wotsala amanunkha pakapita masiku. Nyengo ya mvula tsekani chitini cha ufa mwamphamvu, chinyontho chimaumbitsa ufawo.