Kugula ndege yanu, kusonkherana ndi anzanu, kapena ya hayala?

Funso loyamba si mtengo wa ndegeyo ayi, koma maola amene mudzauluke pachaka. Ndege imadya ndalama ngakhale itangokhala pansi: inshuwalansi, lendi ya posungira, kuyendera kwa makaniko kwa chaka ndi chaka, ziphaso. Tiyerekeze kuti zonsezi zakwana madola 12,000 pachaka. Mukauluka maola 40, ola lililonse lasenza madola 300 musanathire ndi dontho la mafuta. Mukauluka maola 150, latsikira pa 80. N'chifukwa chake odziwa amati amene sakufika maola pafupifupi 100 pachaka asagule yekha.

Kugula nokha kuli ndi ubwino umodzi umene njira zinazi zilibe: ndege ili pomwe munaisiya, mukudziwa amene anaigwira komaliza, ndipo mukhoza kukagona nayo ku Likoma masiku asanu popanda wokufunsani. Koma kukhala pansi kumaiwononga. Pa injini za Lycoming, monga ya mahatchi 180 ya mu ndege ya Cessna 172S, camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula ma valavu) ili pamwamba. Ndege ikakhala masabata osauluka, oyilo amatsetserekera pansi, chinyezi cha dzinja chimalowa, dzimbiri n'kuyamba. Injiniyi anaiwerengera maola 2,000 kapena zaka 12 isanaphwasulidwe yonse, koma ya munthu wouluka kamodzi pamwezi kawirikawiri safika nayo pa maolawo. Kuiliza mphindi khumi ili pansi sikuthandiza, chifukwa oyilo satentha mokwanira kuti madzi auluke. Iyenera kukwera m'mwamba ndithu. Oyilo amasinthidwa pa maola 50 kapena miyezi 4, chimene chayamba kukwana. Ma magneto, zida zopereka moto ku ma pulagi a injini, amatsegulidwa pa maola 500. Ndipo kwa amene akuisunga ku Malawi, kachitsulo kalikonse kamagulidwa ndi ndalama zakunja, zimene kupezeka kwake mukukudziwa.

Ya hayala ilibe zonsezi. Mwalipira, mwauluka, mwatsika, nkhani yatha. Ngati ikubwera ndi woyendetsa wake, mwagulanso luso lake. Vuto lake nlakuti mumalipira ndi ulendo wobwerera wopanda anthu, kapena kudikira kwake, ndipo tsiku limene mukuifuna ikhoza kukhala ili ndi ena. Kwa munthu wa maulendo asanu kapena khumi pachaka, hayala imapambana patali, ngakhale risiti yake imaopsa poiona.

Kusonkherana anthu atatu kapena anayi ndiko tikuona kuti kumakomera ambiri. Ndalama zosasintha zija zimagawika, ndipo ndege imauluka pafupipafupi, zomwe injini imafuna. Chimene chimapha magulu otere si ndege, ndi kusalemberana. Pasanalowe ndalama, lembani izi: aliyense amaponya zingati pamwezi, auluke asauluke; zingati pa ola, kuphatikizapo za thumba la injini (mtengo wophwasulira injini muugawe ndi 2,000, muzisunga pa ola lililonse); wogunda phiko amalipira gawo liti; ofuna kutuluka agulitsa bwanji gawo lake; ndani atenge ndege pa Khrisimasi. Opitirira anayi amayamba kulimbirana Loweruka.

Kenaka yang'anani ulendo weniweniwo. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kukafika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 245 mumlengalenga, ola limodzi ndi mphindi zochepa pa Cessna 172, pomwe pa msewu wa M1 ndi maola anayi kapena kuposa. Zikumveka bwino mpaka mutawonjezera ulendo wa ku Lumbadzi, kuyendera ndege, kuthira mafuta, kupereka ndondomeko ya ulendo, ndi kusaka galimoto ku Chileka. Zimene mwapulumutsa zatsala ola limodzi kapena awiri. Ku Likoma kapena ku Karonga nkhani ndi ina: apo ndege imasandutsa ulendo wa tsiku lathunthu, kapena wodikira sitima, kukhala wa m'mawa umodzi. Ndege imadziwombola pa njira zotere, osati pamene tala ali kale bwino.

Nyengo nayo muiwerengere. Wa chiphaso cha PPL (choyendetsera ndege mosachita malonda) wopanda chilolezo chouluka ndi zida m'mitambo amakhala pansi mabingu a masana akayamba m'dzinja, komanso chiperoni chikaphimba Blantyre mu June ndi July. Ngati msonkhano wanu sungasunthe, ndege yanu ikhoza kukukakamizani kunyamuka tsiku losayenera, ndipo ambiri afa motero. Dziwaninso kuti PPL siilola kunyamula anthu olipira, choncho maganizo oti "idzadzilipirira yokha" amafuna chiphaso cha malonda ndi chilolezo cha kampani.

Mukatsimikiza zogula, mipando isakunyengeni. Cessna 172S ili ndi mipando 4, koma imanyamula pafupifupi makilogalamu 400. Matanki odzaza ndi malita 200, ndipo lita ya avgas (petulo wa ndege) imalemera makilogalamu 0.72, ndiye makilogalamu 144 apita. Otsalawo ndi akulu atatu ndi kachikwama. Tsono bwalo la Kamuzu lili pa mafiti opitirira 4,000. Masana a October kukatentha madigiri 32, ndege imamva ngati ili pa 7,000, ndipo injini yataya pafupifupi gawo limodzi mwa asanu la mphamvu zake. Pamenepo Cessna 182 ya mahatchi 230 imaoneka phindu lake: imanyamuladi anthu anayi, imadzuka msanga, koma imamwa malita pafupifupi 50 pa ola pomwe 172 imamwa 35. Ndege ya Sling yopangidwa ku Johannesburg, ya injini ya Rotax 912, imamwa osafika 20 ndipo imalola petulo wa galimoto, chinthu chachikulu kumene avgas sapezeka pa bwalo lililonse. Chenjerani kokha kuti petulo wa ku Malawi ngosakaniza ndi ethanol, pomwe Rotax imalola mpaka 10 peresenti, muziyeza musanathire.

Ndipo yogwiritsidwa kale musailipire makaniko wanu, osati wa wogulitsa, asanayeze mphamvu ya ma silinda, kudula fyuluta ya oyilo kuona ngati muli tizitsulo, ndi kuwerenga mabuku ake onse kuyambira tsamba loyamba. Buku limodzi likasowa, mtengo utsike kapena musiyeni.