Okonza makompyuta ku Limbe amene sathamangira kufufuta

Kuli kashopu kena kokonza makompyuta ku Limbe komwe ndikufuna anthu ogwiritsa ntchito Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, akadziwe. Okonza ambiri akangoona Ubuntu, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux, mankhwala awo ndi amodzi: kufufuta zonse n'kuika Windows. Achimwene a pashopu iyi sachita zimenezo, amayamba awerenga kaye chomwe makina akudandaula.

Ine ndimakonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta yanga ili ndi Ubuntu 22.04 ndi khadi la zithunzi la NVIDIA GTX 1050 Ti, ndipo madalaivala ake, mapulogalamu oyendetsa khadilo, ndinawaika kuchokera pa fayilo ya .run yomwe a NVIDIA amapereka. Makina atalandira kernel yatsopano (kernel ndi phata la Linux lomwe limalumikiza mapulogalamu ndi zida za kompyuta), zilembo pa sikirini zinatupa, pulogalamu ya Blender inasiya kuona khadi, ndipo ndikati ndiikenso madalaivalawo, pankangobwera uthenga woti "Unable to find the kernel source tree for the currently running kernel". Apo n'kuti banja lina likudikira kanema wa ukwati wawo, foni ili kulira m'mawa ndi madzulo.

Nditafika nawo pashopupo, achimwenewo anayatsa makina, anatsegula /var/log/nvidia-installer.log, fayilo yolemba zomwe zinachitika poika madalaivala, n'kuwerenga modekha mpaka pansi. Kenako analemba uname -r, lamulo loonetsa nambala ya kernel yomwe ikuyenda, inaonetsa 6.8. Atasuzumira mu /usr/src, munali ma headers a 5.15 okha, kernel yomwe Ubuntu 22.04 inatuluka nayo mu 2022. "Achemwali, khadi lanu lilibe vuto," anatero, akulozera pa sikirini kuti ndidzionere ndekha.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndinawakondera. Madalaivala a NVIDIA ali ndi kachigawo kamene kamapangidwira pa makina ako omwewo kuti kagwirizane ndi kernel yomwe ikuyenda nthawi imeneyo. Kuti kapangidwe, pamafunika mafayilo ofotokoza mmene kernel imeneyo ilili, ndiwo ma headers. Telala sangadule nsalu alibe muyeso wa mwini malaya, ndipo muyeso wa chaka chatha sungathandize ngati munthuyo wasintha thupi. Uthenga uja ukamatchula source, ambiri amaganiza kuti akufunika kutsitsa kernel yonse, pomwe ayi, ma headers okha akwanira, bola nambala yake ifanane ndendende ndi ya uname -r.

Analemba sudo apt install linux-headers-$(uname -r) build-essential dkms. Anawonjezeranso gcc-12, pulogalamu yopangira kachigawo kaja, chifukwa kernel ya 6.8 pa Ubuntu 22.04 inapangidwa ndi gcc 12 pomwe makina amabwera ndi 11, ndiye ukaiwala zimenezi ntchito imakaimanso panjira ndi uthenga wina. Poikanso madalaivala, atafunsidwa za DKMS anavomera, kuti kachigawo kaja kazidzipanganso kokha kernel ikasintha. Sanalekere pomwepo. Anaikanso linux-headers-generic-hwe-22.04 kuti kernel iliyonse yatsopano izibwera ndi ma headers ake. Ichi wina akanachisiya dala kuti ndidzabwerenso ndi ndalama ina, koma iwo anachita kundilembera papepala kuti ndisunge.

Titazimitsa n'kuyatsanso, lamulo la nvidia-smi linaonetsa khadi ndi memory yake ya 4GB, ndipo Blender inaliona. Mafayilo a makasitomala anga onse anali m'malo mwake, palibe chinakhudzidwa.

Zodandaula zilipo, ndipo ndinawauza pamaso. Pashopupo palibe intaneti, moti zonse tinatsitsa ndi bandulo ya pa foni yanga, ndipo sanandichenjeze tisanayambe. Malo ndi opanikiza, mpando wa kasitomala ndi umodzi, ena amadikira chiimire pakhonde. Lisiti sapereka pokhapokha uumirire, zomwe kwa ine wochita bizinesi si zabwino, chifukwa ndalama iliyonse yotuluka ndimafuna ilembedwe. Alibenso jenereta kapena batire, ndiye magetsi akathima pakati pa ntchito ngati iyi, makina atha kutsala m'mavuto oposa omwe anabwera nawo. Zimenezi ayenera kuzikonza msanga.

Mtengo tinagwirizana asanagwire makina ndipo sunasinthe pamapeto. Anandilangiza kuti tsiku lina ndikadzaika Ubuntu mwatsopano, ndidzatenge madalaivala kudzera pa ubuntu-drivers, chifukwa amenewo amayendera limodzi ndi ma update a makina. Ngati yanu ndi Fedora, mtundu wina wa Linux, akuti mafayilo omwewa kumeneko ali mu phukusi la kernel-devel, ndipo nayonso amaigwira. Popita mutenge bandulo yokwanira, pasiwedi ya makina anu, ndipo mafayilo ofunika muwasunge kaye pena.