GQ GMC-300E Plus: kachipangizo koyezera cheza choopsa, kangatithandize chiyani kuno ku Joni?

Aliyense amene anaonapo zithunzi za Pripyat amadziwa kulira kwa kachipangizo aka, kuja kwa "tche-tche-tche". Tauniyi inamangidwa mu 1970 kuti muzikhala ogwira ntchito pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Chernobyl ku Ukraine. Reactor (ng'anjo yopangira mphamvu ya nyukiliya) ya nambala 4 itaphulika pa 26 Epulo 1986, anthu pafupifupi 49,000 anawakweza mabasi mawa lake masana, atawauza kuti abwerera pakapita masiku atatu. Mpaka lero nyumba zili mabwinja. Pripyat inalowa m'mafilimu ndi m'masewera a pakompyuta, ndipo nkhondo ya 2022 isanatseke maulendo, alendo ankakonda kujambulitsa atanyamula Geiger counter, lomwe ndi dzina la zipangizo zoyezera cheza ngati aka, patsogolo pa chigudumu chachikasu cha m'paki.

Ife a ku Johannesburg tili ndi chifukwa china. Miyala imene ankakumbamo golide kuno ili ndi yureniyamu, yemwe uja wa ku Kayelekera, ndipo zotsalira zake zili m'milu yachikasu ya dothi yoyandikana ndi Riverlea, Soweto ndi Kagiso, kumene abale athu ena amachita lendi.

GMC-300E Plus ndi kopepuka, kokwana m'dzanja, ndipo kamatchajidwa pa USB. Mkati muli kachubu kagalasi kamene kamamva cheza cha mtundu wa beta, gamma ndi X-ray. Kamaonetsa manambala m'njira ziwiri zofunika: CPM, kutanthauza kuti kalira kangati pa mphindi, ndi µSv/h (microsievert pa ola), muyeso wa cheza chimene thupi likulandira pa ola. M'nyumba wamba yembekezerani pakati pa 0.1 ndi 0.2 µSv/h. Sikafika pa ziro, ndipo kumeneko si kuwonongeka ayi. Nthaka, njerwa ndi mlengalenga zimatulutsa cheza pang'ono nthawi zonse, komanso mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho cheza chochokera kumwamba chimakwererako.

Ambiri amalakwitsa poyeza mothamanga. Nambala imadumphadumpha yokha, ndiye ya masekondi khumi ilibe tanthauzo. Yambani kuyeza malo amene mukuwadziwa kwa mphindi khumi, mulembe. Kenako pitani pamene mukukayikira, mukagwire m'chiuno mphindi khumi, mukaikenso pansi mphindi zina khumi. Mukakulunge m'kapulasitiki kopyapyala, chifukwa fumbi likalowa mkati kayamba kudziyeza kokha. Pa ntchito yoyerekeza malo awiri chonchi, kachipangizoka n'kabwino ndithu, ndipo kamasunga zimene kayeza kuti mukazione pa kompyuta.

Koma vuto lake lalikulu ndi lomwe likutikhudza ife. Sikamva cheza cha alpha, ndipo si koyezera radon, mpweya wotulutsa cheza umene umachokera m'nthaka yokhala ndi yureniyamu. Alpha sadutsa ngakhale pepala, koma akalowa m'mapapo kudzera m'fumbi ndi pamene amavulaza. Mphepo ya mu Ogasiti ikamakokolola dothi pamilu ija n'kulithira m'mbale ndi pa zovala zoyanika, kachipangizoka kangathe kuonetsa nambala yooneka bwinobwino. Madzi a pachitsime kapena masamba a m'dimba sikangakuuzeninso ngati ali bwino; zimenezo n'za ku labotale. Ku Chernobyl ana ambiri amene anadwala khansa ya chithokomiro anaitenga pomwa mkaka wokhala ndi iodine-131, chinthu chotulutsa cheza chimene chimavulaza chikalowa m'thupi.

Manambala a µSv/h nawonso ndi ongoyerekeza, chifukwa kachubu kamangowerenga kulira osadziwa kuti chezacho chachokera ku chiyani. Zipangizo zotere zilinso ndi malire: usiku wa ngozi ija ya ku Chernobyl zoyezera zina zinkathera pa 3.6 roentgen (muyeso wina wa cheza) pa ola, pamene chezacho chinali chochuluka kutalitali.

Kwa mphunzitsi, wophunzira kapena wogula zitsulo zakale, n'koyenera kugula. Kwa banja lokhala m'munsi mwa mulu, kakhale poyambira chabe. Mukapeza malo amene nambala ikukwera kangapo kuposa ya kunyumba, lembani tsiku, malo ndi nthawi imene mwayeza, mukadziwitse a National Nuclear Regulator, bungwe la boma loyang'anira chitetezo pa za nyukiliya, ku Centurion, ndipo ana asamasewerepo.