Miyezi isanu ndi iwiri pa matayala a Hankook R-S4

Mu Epulo ndinalemba kuti ndagula matayala anayi a Hankook Ventus R-S4, saizi 225/45R15, oika pa Mazda Miata yanga yakale ija. Ndinalonjeza kuti ndidzanena maganizo anga nyengo ya mipikisano ikatha, chifukwa tayala likakhala latsopano aliyense amaliyamikira. Pano ndi Novembala, kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, mitengo yayoyola masamba, ndipo dzulo ndinawachotsa pagalimoto n'kuwayang'ana limodzilimodzi.

Ndiyambe ndi vuto lomwe linandifikitsa pa matayala amenewa. Ine ndimachita masewero awiri ndi galimoto imodzi komanso thumba limodzi. Oyamba ndi autocross. Amayala makoni pabwalo lalikulu la phula kapena la konkire, galimoto imalowa imodziimodzi, ndipo pakangotha mphindi imodzi, mwinanso osakwana, basi mwatuluka. Mukagwetsa koni amakuwonjezerani masekondi awiri. Pamenepa pamafunika tayala logwira msanga, lisanatenthe n'komwe. Achiwiri ndi a pa track, msewu wozungulira wothamangitsirapo magalimoto, ndipo ine ndimapita ku GingerMan Raceway, kufupi ndi South Haven ku Michigan. Kumeneko mumazungulira mphindi 20 osapuma, kanayi kapena kasanu patsiku, ndiye pamafunika tayala lopirira kutentha. Zofuna ziwirizi zimakokana.

Chaka chatha ndinali ndi matayala a mtundu wina, a labala yofewa kwambiri. Pamakoni ankagwira ngati ulimbo. Koma nditapita nawo pa track mu Julaye, pozungulira kachinayi galimoto inayamba kuterereka ngati ndaponda therere, ndipo madzulo ndinapeza tizidutswa ta labala titanyotsoka m'mphepete mwa matayala akutsogolo. Atatha masiku awiri otere anali oti n'kutaya. Mbali ina linali vuto langa, ndifotokoza kutsogoloku, koma ndinaona kuti ndalama zanga sizingapirire zimenezo chaka ndi chaka.

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti matayala aja ndi awa onse alembedwa nambala imodzi pambali: treadwear 200, yoyerekezera kuchedwa kutha kwa tayala. Bungwe la SCCA, lomwe limayendetsa mipikisano yambiri ya autocross kuno ku America, limafuna kuti m'magulu a magalimoto apamsewu tayala lisatsike pa 200. Nambalayi imachokera pa kuyesa komwe kumachitikira m'misewu ya kufupi ndi San Angelo ku Texas, pomwe tayala amaliyerekeza ndi lina loyezera lomwe analipatsa 100. Koma amene amalemba nambalayo ndi kampani yopanga tayalalo. Choncho 200 ndi chiphaso cholowera mumpikisano chabe, sikukuuzani kuti tayala likhala masiku angati. Pansi pa nambala yomweyo pali matayala othamangitsira mphindi imodzi, palinso ena ngati R-S4 omwe anthu a mipikisano ya maola ambiri amawakonda.

Nawa masiku omwe agwira ntchito: asanu ndi awiri a autocross, anayi a pa track, kuphatikizapo ulendo wopita ndi kubwerera, poti ndilibe ngolo yonyamulira galimoto. Mizere yatsala pafupifupi theka. Palibe pomwe panyotsoka, palibe pomwe waya waonekera.

Koma chomwe ndawakondera kwenikweni si kutsala kwa mizereko ayi. Ndi kusasintha khalidwe. Pa track, ndikazungulira kawiri kuti atenthe, mmene akugwirira pa mphindi yachisanu ndi mmenenso akugwirira pa mphindi ya 18. Kwa munthu amene akuphunzira, ichi n'chachikulu kuposa liwiro. Ndikalowa pakona mochedwa kuponda mabuleki galimoto n'kupita kunja, ndimadziwa kuti ndalakwitsa ndine, osati tayala latopa. Chaka chatha sindinkatha kusiyanitsa ziwirizi, ndiye ndinkangosintha kayendetsedwe mwachisawawa. Komanso akafika pamalire amayamba kulira pang'onopang'ono, kenako n'kuterereka mokupatsani mpata wobweza. Sakusiyani mwadzidzidzi.

Pamakoni ndiye pali mtengo wake, ndipo ndinaudziwa pogula. Matayalawa anapangidwa kuti azigwira akatentha. M'mawa wozizira wa Epulo kapena Okutobala, ulendo woyamba umakhala wongowadzutsa. Anzanga omwe ali pa matayala a Bridgestone RE-71RS kapena Yokohama A052 amanditsogolera ndi sekondi kapena kuposerapo, ndipo pa autocross sekondi ndi mtunda wautali. Masana a Ogasiti zinthu zimatembenuka pang'ono. Iwo amakhala ali kalikiliki kupopera madzi pa matayala awo ndi timapampu ta m'dimba kuti azizire, ine nditangokhala pamthunzi. Tsiku lina tinayendetsa galimoto yanga anthu awiri mosinthana, matayala osapeza mpata wozizira, ndipo ndi tsiku lomwe ndinachita bwino koposa chaka chonse. Ngati cholinga chanu ndi chikho, kapena mukulota zokapikisana nawo ku Lincoln, Nebraska, komwe kumachitikira mpikisano wa dziko lonse mu Seputembala, awa si matayala anu.

Tsopano za kulakwitsa kwanga kuja. Tsiku loyamba pa track ndi matayala atsopanowa ndinatsala pang'ono kubwereza za chaka chatha. Bambo wina wachikulire yemwe anakhala nane m'galimoto ngati mlangizi anandiitana titaima, natenga choko n'kujambula mizere itatu kuchokera pamwamba pa tayala kutsikira m'mbali. Titazunguliranso, choko chinali chitafufutika mpaka kupitirira timakona titatu tomwe timasonyeza polekezera pa mbali yoponda pansi. Tayala linkapindika n'kumayendera m'mbali mwake. Anagwira ndi dzanja: kunja kotentha koti simungasiyepo chikhatho, mkati kofunda chabe. Anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, galimoto inalibe camber yokwanira, kutanthauza kuti matayala anaima chilili m'malo mopendekera mkati pang'ono kumtunda kwake. Chachiwiri, ndipo ichi chinandilowa mumtima, kutsogolo kukayamba kuterereka ine ndinkawonjezera kukhotetsa chiwongolero. Kutero sikukhotetsa galimoto, kumangopala labala paphula ngati mukupala chinangwa.

Sabata yotsatira ndinakachititsa alayimenti, kutsogolo anaika camber ya madigiri awiri. Ndinagulanso geji yabwino ya mpweya ndi kabuku. Panopa ndimalowa ndi mpweya wa 27 psi matayala ali ozizira, ndipo ndikangotuluka, ndisanavule n'chipewa chomwe, ndimayeza. Ndimafuna 32 ali otentha, zikapitirira ndimaphwetsako. Manambalawa ndi a galimoto yanga yopepuka, yanu ikhoza kufuna ena, koma chizolowezi choyeza ali otentha ndi cha aliyense. Pakati pa chaka ndinapita nawo kwa okonza matayala kuti awachotse pa malimu n'kuwatembenuza, mbali yamkati ibwere kunja. Popeza ali ndi muvi wosonyeza komwe ayenera kuzungulira, akumanzere anapita kumanja. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi masiku omwe mumawonjezera.

Pamvula ndayendapo kawiri. Phula likangonyowa amagwira ndithu, bola kufatsa ndi phazi. Madzi akadikha, makamaka pano pomwe mizere yachepa, ndimatsitsa liwiro kwambiri, pa track ngakhalenso pamsewu wobwerera kunyumba.

Pali chinthu china chomwe ife okulira kumudzi tiyenera kuchichotsa m'mutu. Tinazolowera kuti pogula tayala la kaunjika umalowetsa chala m'mizere, ikakhala yakuya ndiye kuti lili bwino. Tayala la mpikisano limatha kufa mizere ikadalipo. Nthawi iliyonse likatentha kwambiri n'kuzizira, labala imauma pang'ono, mpaka tsiku lina limangooneka labwino koma osagwira. Angawa ndikawakanda ndi chikhadabo ndikumva kuti aumirapo kusiyana ndi mu Epulo, ngakhale nthawi zanga pa GingerMan mu Okutobala zinali zabwino kuposa za mu Meyi. Wina akakutsatsani ogwiritsidwapo kale ntchito, funsani masiku omwe ayenda pa track, ndipo werengani manambala anayi omalizira pa chidindo cha DOT chomwe chili pambali pa tayala, omwe amasonyeza nthawi yomwe linapangidwa. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka, moti 0824 ndiye kuti sabata yachisanu ndi chitatu ya 2024.

Ndidzagulanso omwewa? Inde, malinga ngati ndikuyendabe pa track ndi pamakoni ndi seti imodzi. Ndalama yomwe ndikanagulira matayala achiwiri chaka chino ndi yomwe yandilipirira masiku ena awiri pa track ndi mabuleki atsopano.

Chisanu cha kuno, ndi sinowo wochokera ku nyanja ya Michigan, si cha labala yotere. Ikazizira kwambiri imalimba ndipo ikhoza kung'aluka mukaiyendetsa. Ndiye ndawatsuka, ndalemba ndi choko malo omwe lililonse linali, ndawakulunga m'mapepala apulasitiki akuda n'kuwagoneka m'chipinda chapansi, kutali ndi chotenthetsera nyumba. Mu Epulo akumbuyo adzapita kutsogolo.