Yamaha Pacifica 112V: gitala losatopetsa phewa

Oimba ambiri a m'mabandi a m'matchalitchi kuno ku Dedza akamagula gitala lamagetsi amangomvetsera kulira kwake atakhala pampando, osafunsa kuti likhala bwanji paphewa pa mapemphero a usiku wonse. Ine ndimayamikira Yamaha Pacifica 112V chifukwa cha zimenezi, ngakhale kuti kulira kwakenso n'kosadandaulitsa.

Ukalikoleka ndi lamba n'kuchotsa manja onse awiri, khosi lake limangokhala pamene walisiya. Chinsinsi chake ndi nyanga yakumtunda ya thunthu, imene ndi yaitali ngati ya gitala la Fender Stratocaster la mu 1954, moti pomangirira lamba pali kutsogolo ndithu ndipo kulemera kumagawanika bwino. Magitala opangidwa motengera Gibson SG, imene inatuluka mu 1961, amadziwika ndi vuto loti mutu umagwera pansi, chifukwa thunthu ndi lopepuka ndipo lamba amamangidwa patsinde la khosi. Woimba amakakamizika kuchirikiza khosi ndi dzanja lomwelo limene likudina nsambo, ndipo likamakwana ola dzanja limakhala litalema. Pa Pacifica dzanja lamanzere limangogwira ntchito yake, chinthu chimene chimathandiza kwambiri mu Juni ndi Julaye pamene zala zimauma ndi chisanu. Thunthu analisemanso mokumba pamene limakhudza nthiti ndiponso pamene mkono umatsamira, choncho silitswanya.

Mutu wake ndi umene ndimaukonda koposa. Makiyi onse 6 ochunira nsambo ali mbali imodzi, ndipo mutuwo sunapendekere kumbuyo ngati wa Gibson, umene umapendekera pafupifupi madigiri 17 ndipo umathyoka msanga gitala likagwa chagada. Kwa ife amene timanyamula zida pa minibasi kapena pa kabaza, m'chikwama chansalu chokha, zimenezi si zazing'ono. Komanso khosi ndi lomangidwa ndi masikuluwu 4, moti litawonongeka mmisiri angathe kulimasula n'kuikapo lina.

Mutu wowongoka woterewu umafuna tizitsulo topanikiza nsambo zing'onozing'ono, ndipo pamenepo nsambo nthawi zina zimakodwa ukamachuna. Kupaka pensulo m'mipata imene nsambo zimadutsa kumathetsa vutoli. Amene akufuna kuligula apite ndi lamba wake kusitolo ndipo aliyese ataimirira.