Pulogalamu yathu ya matumba tsopano ikuyankhula Chichewa: ndemanga yanga pa ntchito ya mnyamata wa pa boma

Ngati muli ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imangodziwa Chingerezi, pa boma la Dedza pali kashopu ka makompyuta komwe mnyamata wake ntchito yoiyankhulitsa Chichewa amaitha. Dzina sinditchula poti pali zina zomwe ndimudandaule m'munsimu, koma ndalama zathu sizinalowe m'madzi.

Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a kachewere kuno ku Bembeke. Pulogalamu yolembera matumba olowa ndi otuluka anatilembera mwana wa mchemwali wanga asanapite ku Joni. Anailemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C ndipo imayenda pa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Amayi olandira matumba pa sikelo, uthenga wa Chingerezi ukatulukira, ankangodina paliponse kuti uchoke, mapeto ake thumba limodzi kulembedwa kawiri.

Komiti yathu inkafuna kuti mnyamata wa pa boma uja angofufuta mawu a Chingerezi n'kulembapo a Chichewa. Iye anakana. "Bambo, tikatero ndiye tsiku lomwe adzabwere owerengera mabuku ofuna Chingerezi mudzandiitananso," anatero. M'malo mwake anagwiritsa ntchito gettext, chida chaulere cha gulu lopanga mapulogalamu la GNU chomwe chinatuluka mu 1995. Chidachi chimasunga mawu a chiyankhulo chilichonse m'fayilo yakeyake, pulogalamu n'kumakatenga komweko ikamayenda.

Ndinakhala naye pambali akugwira, ndipo ndinaona kuti kumasulira sikunali gawo lovuta. Uthenga uliwonse anaukutira m'kachizindikiro ka _( ), kenako koyambirira kwa pulogalamu anaikako mizere itatu youza pulogalamu chiyankhulo choti igwiritse ntchito ndi komwe ikapeze mawu ake: setlocale, bindtextdomain ndi textdomain. Thukuta lenileni linatuluka pa mafayilo omwe amauza kompyuta mmene imangire pulogalamuyo. Anayendetsa kapulogalamu ka gettextize, komwe kamabwera ndi gettext, ndipo kanapanga foda yotchedwa po. Mu configure.ac munalowa mzere wa AM_GNU_GETTEXT([external]), ndipo mu Makefile.am foda ya po inawonjezeredwa pa SUBDIRS kuti make, chida chomwe chimamanga pulogalamuyo, asamaidumphe. M'fodamo muli timafayilo tiwiri tooneka ngati topanda pake koma ndi tomwe tagwira zonse. POTFILES.in ndi mndandanda wa mafayilo omwe muli mauthenga ofunika kumasulira. LINGUAS ndi mndandanda wa ziyankhulo, ndipo mmenemo analembamo zilembo ziwiri basi, ny, chomwe ndi chizindikiro cha Chichewa. Zikatere xgettext imatolera mauthenga onse n'kuwaika m'fayilo ya .pot, ife timamasulira m'fayilo ya ny.po, ndipo pomanga pulogalamu msgfmt imaisandutsa fayilo ya .mo yomwe kompyuta imawerenga.

Chomwe ndinamutayira kamtengo ndi nkhani ya manambala. Pomwe uthenga ukunena kuchuluka kwa katundu anagwiritsa ntchito ngettext, moti sikirini imalemba "thumba 1 lalowa" komanso "matumba 12 alowa", osati zija za "matumba 1". Anaonetsetsanso kuti fayilo ili mu UTF-8, njira yosungira zilembo pakompyuta, kuti ŵ wa mu Malaŵi asasanduke kabokosi. Pa kachithunzi kotsegulira pulogalamu anaikapo LANGUAGE=ny, n'kutisiyira kena ka Chingerezi pambali. Kumasulira kwenikweniko ndinachita ndekha madzulo ndi pulogalamu yomasulirira yotchedwa Poedit, ndipo mphunzitsi wopuma ngati ine sizinandivute.

Tsopano madandaulo. Fayilo yosindikiza malisiti anaiwala kuilemba mu POTFILES.in, ndiye sikirini yonse inali m'Chichewa koma lisiti lomwe mlimi amapita nalo kunyumba linkatulukabe m'Chingerezi. Foni sankayankha. Ndinachita kukwera kabaza kupita pa boma m'kuzizira kuja kwa mwezi wa Juni, n'kukapeza kuti kukonza kwake ndi mzere umodzi. Anapepesa ndithu, ndalama ina sanalipiritse, koma ya kabaza inatuluka m'thumba mwanga.

China n'chakuti sanatisiyire pepala lililonse la malangizo. Atasintha pang'ono uthenga wina wa Chingerezi, msgmerge, yomwe imagwirizanitsa fayilo ya ny.po ndi mauthenga atsopano, inaika chizindikiro cha fuzzy pa Chichewa chake, kutanthauza kuti chikufunika kuunikidwanso, ndipo msgfmt siitenga mawu okhala ndi chizindikiro chimenechi. Uthengawo unangobwerera ku Chingerezi, amayi aja n'kumati kompyuta yayambanso matama. Chidacho chinachita zoyenera, poti kuli bwino Chingerezi cholondola kusiyana ndi Chichewa chonena zina. Koma munthu wolipidwa amayenera kutiuza zimenezi tsiku loyamba. Panopa ndinazilemba ndekha kuseri kwa kaundula wa matumba.

Mtengo wake tinagwirizana kulipira theka poyamba, theka pomaliza, ndipo nanunso muchite chimodzimodzi. Musanapereke theka lomalizalo, mumuuze atsegule tsamba lililonse la pulogalamu inu mukuona, asindikize lisiti, komanso alembe dala nambala yolakwika kuti muone ngati uthenga wochenjeza ukutuluka m'Chichewa.

Komiti yayamba kale kukamba zowonjezera Chipwitikizi, poti ogula ena amachokera ku Angónia, kutsidya kwa malire a Mozambique, ndipo amafuna malisiti oti akawaonetse kwawo. Mnyamatayo akuti n'kungolemba pt pansi pa ny mu LINGUAS n'kupeza womasulira fayilo ya pt.po. Womasulirayo ndiye tikumusakabe.